Chomwe Chinakana Tupa la Lal Marjan

Shopu yanga ndi ya Lal Marjan zimagawana khoma limodzi, lopyapyala moti iye akayetsemula ine ndimapukuta mphuno. Iye amasula zitsulo za mfuti, ine ndimasema mitengo yake, ija imatsamira paphewa munthu akamawombera. Tinalowa mumsika uno ndevu zisanamere, lero zayera mbuu, koma sitinagwirizanebe kuti mfuti yabwino imabadwira m'manja mwa yani. Iye amati ndine kalipentala wa mipando amene anasochera njira. Ine ndimati chitsulo chake popanda mtengo wanga ndi paipi ya madzi. Koma poti pano palibepo, ndinene zoona: manja ngati ake sindinawaonepo, ndipo sindidzawaonanso.

Munthu akabwera ndi mfuti yachilendo, Marjan ankayala nsalu pansi n'kuimasula yonse mpaka kachitsulo kotsiriza. Sankajambula papepala, sankayeza ndi tepi. Ankatenga kachidutswa kalikonse n'kukagubuduza pakati pa zala ali chitsinzinire, nthawi zina n'kukagogoda pa dzino kuti amve kulimba kwake. Kenako ankapita kuseri kumene amaunjika zitsulo za malole akufa, n'kusankhapo chimene chamukomera. Ndiye tupa liyambe kulira, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kupuma pokhapokha kumzikiti akaitana. Ankakopera chilichonse, ngakhale zilembo za azungu zimene sadziwa kuwerenga.

Tsiku lina wamalonda wa mumzinda, mphete zala zonse, anabweretsa kamfuti ka agogo ake kuti Marjan amupangire kanzake. Pobwera kudzatenga anapeza tiwiri pansalu.

"Ustad, kanga ndi kati?" anafunsa, pomutchula dzina laulemu limene timapatsa amisiri.

"Mukufunsa ine? Agogowo anali anga?"

Munthu uja anatitembenuza, anatinunkhiza, anatuluka nato pamsewu n'kuwombera kumwamba monga timayesera katundu tonsefe, ngakhale nkhuku sizinadzidzimuke. Pomaliza analoza kamodzi misozi ili lengelenge, nati wakazindikira ndi chipsera cha pachigwiriro chimene agogo ake anachipanga pogwa pahatchi. Kanali ka Marjan. Chipseracho anali atachikoperanso.

Mawu ake anali amodzi: chimene dzanja lapanga, dzanja lina lingachipange. Anamasulapo wailesi, makina osokera a mkazi wake, ngakhale wotchi ya mumzikiti, ndipo zonse zinabwerera zikuyenda bwino kuposa kale. Ndinkamuuza kuti munthu amene sanapunthwepo ndi woopsa, iye n'kumangoseka.

Mwana wamwamuna anali naye mmodzi, Sabz Ali, wobadwa pambuyo pa atsikana okhaokha. Tonse tinkati tupa lidzagwera m'manja mwake, koma iye atakula analowa upolisi. Marjan anatha nyengo yonse yozizira osamuyankhula. Chinawayanjanitsa ndi mfuti imene boma linapatsa mwanayo. Bambo ake ataisuzumira kumpope anagwira pakamwa.

"Iyi ndi yaikulu kwa iwe, uziitchula kuti azakhali. Taona mkatimu, mwasalala ngati khosi la botolo. Akufuna uziopsezera agalu?"

Anaikonza osalandira kanthu, kenako anakonzanso za anzake onse. Sabz Ali anamutumiza ku kampanda ka polisi ka pamwamba pa phiri, koyang'ana njira yochokera kumalire. Ndi kanyumba ka miyala, denga lake lozingidwa ndi matumba a mchenga, anthu ake osakwana khumi.

Kale zigawenga zikabwera, nkhondo inali ya phokoso chabe. Awa kuwombera mdima, awo kuwombera mdima, kukacha aliyense n'kumadzitama. Koma asilikali akunja atachoka kuseri kwa mapiriwa, katundu amene anasiya anayamba kutulukira m'manja mwa zigawenga, ndipo zimene zinkaperewera ankazitumiza abwenzi awo a kutali, amene timaona mphatso zawo koma nkhope ayi. Apo zinthu zinatembenuka. Apolisi anayamba kufa mmodzimmodzi, aliyense ndi chipolopolo chimodzi. Mwezi kulibe, munthu wabisala kuseri kwa matumba, wangotulutsa chipumi, phaa, zatha. Anasiya kusuta, anasiya kuyatsa mafoni, anasiya ngakhale kutsokomola, koma maliro sanasiye. Azimayi ankati ndi ziwanda. Ife a mumsika, amene timadziyesa eni ake a nkhani za mfuti, tinkangokanda ndevu.

M'mawa wina Sabz Ali anatulukira ndi mkulu wa kampandako, Hawaldar Badshah Mir, munthu wa mimba yake komanso mawu ake. Anali atakulunga kanthu m'chofunda ngati khanda. Anati anachitola m'khwawa louma, pamene chigawenga china chinagwa pothawa. Chinali chakuda, kukula kwake ngati chimanga chachikulu chosasenda, galasi lakutsogolo losaoneka mkati.

"Ndi ichi chikutimaliza," anatero hawaldar. "Lamulo likuti ndichitumize kumzinda. Chikafika kumeneko akachijambula, kenako akachikhomera m'kabati, ife kuno n'kumafabe. Ndiye sichipita. Ustad, mutipangire kachitsulo koti chikhale pamfuti yathu. Kachitsulo kokha. Musachitsekule."

Ine ndinali nditasuzumira kale pakhomo. "Wamva, Marjan? Akuti usachitsekule. Hawaldar, mukanamumanga manja kumbuyo, kunena kokha sikuthandiza."

"Iwe Khaista Gul, bwerera ku mipando yako."

Sindinabwerere. Sabz Ali anati kuti timvetse mphamvu yake tilowe mumdima, choncho tinavula nsapato n'kupanikizana m'kachipinda kosungiramo makala, kopanda windo, n'kutseka mng'alu wa chitseko ndi thumba. Kunja dzuwa lili paliwombo, mkati bii, osaona ngakhale mphuno yako. Marjan ndiye anayamba kuyang'ana. Kenako ndinamva akunong'ona kuti Mulungu ndi wamkulu, ndi mawu ang'onoang'ono amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

"Ukuona chiyani?" ndinafunsa.

"Ndikuona iwe. Chotsa chala m'mphuno."

Ndinachotsa.

Atandipatsa, ndinaika diso. Anthu atatu anali patsogolo panga, oyera ngati mkaka, akuwala okha popanda nyali. Hawaldar anagwira khoma n'kuchotsapo dzanja, koma dzanjalo linatsalira pakhoma, zala zonse zisanu, n'kumazilala pang'onopang'ono. Pamene Sabz Ali anali ataima poyamba panali mapazi awiri opanda mwini. Kuseri kwa thumba la makala kunali kakhoswe, koyera nakonso, kakupuma mofulumira, kakudziyesa kobisala. Ketulo ya tiyi imene Marjan analowa nayo inkawala kuposa tonsefe. Ndakhala zaka zanga zonse pakati pa zida zophera anthu ndipo palibe chinandiopsapo, koma ichi chinandizizira m'mafupa. Komanso, Mulungu andikhululukire, ndinachikonda. Sindinkafuna kuchichotsa pamaso.

"Sichisamala za kuwala," anatero Sabz Ali. "Chimaona kutentha kwa thupi."

"Ndiye kuti chimaona moyo," anatero Marjan.

Anandilanda n'kuchilozetsa kwa mwana wake. "Funda chofunda chako. Mutu womwe. Khaista Gul, mupatsenso chako." Tinamuunjikira zofunda zathu zonse. Kwa kanthawi Marjan anati wasowa, ndipo mawu ake anakwera ndi chimwemwe. Kenako anatsikanso. Nsalu zinayamba kufunda, mapewa anayamba kutuluka, mutu n'kutsatira.

"Baba, basi, ndikutuluka thukuta muno."

"Ndiye amakuona chonchi."

"Chonchi, Baba."

"Ali kutali bwanji?"

"Kutali koti azakhali aja sangafikeko."

Palibe anaseka. Tinatuluka tikuphethira, ndipo anapangana kuti adzachitenga Lachisanu mapemphero akatha.

Kachitsulo kaja Marjan anakamaliza tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo kanakhala pamfuti ngati kanabadwira pomwepo. Tsiku lotsatira tupa silinalire. Ine khoma lija ndimalidziwa, likakhala chete ndiye kuti kuli nkhani. Ndinamupeza atakhala pansi, chinthu chija chili pansalu, iye akuchiyang'ana monga mphaka amayang'anira chiwaya cha nyama.

"Usayerekeze," ndinatero.

"Timipanda tingati tili m'mapirimu? Tawerenga. Diso ndi limodzi. Likagwa pamwala? Akabwera a kumzinda n'kulitenga? Ndikangoona mkatimu ndipanga khumi, ndipanga makumi awiri. Mwana wa munthu aliyense akhale nalo lake."

"Ndipo msika wonse unene kuti Lal Marjan wakopera diso la ziwanda."

Sanakane. Zonse ziwiri zinalimo mwa iye, chikondi cha mwana ndi matama a mmisiri, ndipo sindikudziwa mpeni umene ukanazilekanitsa.

"Tsobola wakale sawawa, Marjan. Izi ndi za ana a masiku ano."

"Wako ndiye sanawawepo. Ngati ukuopa, tuluka. Ngati ukhala, gwira nyali."

Ndinagwira nyali. Anasamba m'manja ngati akupita kokapemphera. Timisomali tomangira chinthucho tinali ndi mitu yonga nyenyezi, ndipo panalibe chomasulira chake mumsika monse, koma iye ananola kachitsulo mpaka kanalowa. Chinatseguka mosavuta, ndipo mwina ndi chimene chinamupusitsa.

Tonse tinkayembekeza timandala, timasipuling'i, tizitsulo tokankhana, zinthu zoti ukakhudza apa kusunthe uko. Munalibe. Munali kabolodi kobiriwira, kodzaza timizere tochepa kuposa tsitsi, ngati mzinda ukamauona uli pamwamba pa phiri, ndi tinthu takuda tonga nthanga za chitowe. Panalibe choyenda ngakhale chimodzi. Marjan anakagubuduza pakati pa zala, anatsinzina monga mwa nthawi zonse, koma zala sizinamuuze kanthu. Pakatikati panali kabokosi kochepa ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, kokhala ndi chivindikiro chake chomatidwa.

"Mtima wake uli umu," anatero.

"Usiye mtimawo."

Analowetsa nsonga ya mpeni. Panamveka kaphokoso kakang'ono, tsi, n'kutha. Pansi pa chivindikiro panali kanthu konyezimira ngati phiko la tombolombo. Anabwereka galasi langa lokulitsira zinthu, limene ndimasemera maluwa pamitengo, n'kuwerama nalo. Anawerama mpaka khosi linamuwawa, kenako anandipatsa. Ndinaona timizere, ndipo pakati pa timizereto panali tina, ndipo maso anga atatopa tinali tisanathe. Tonse tofanana, popanda pamene dzanja linanjenjemera, popanda pamene wopanga anayetsemula.

"Khaista Gul," anatero motsitsa, "tupa lake ndi lotani?"

"Ili si tupa."

"Nanga dzanja lake?"

Tinakhala pamenepo, nkhalamba ziwiri, tiyi akuzizira, tikuyang'ana kanthu kochepa kuposa nyemba. Ndinaganiza za anthu amene anakapanga, kwinakwake kumene sitidzafika, amene sadziwa dzina la phiri lathu, ndi mmene kanayendera kuchoka m'manja mwawo mpaka kufika kwa mnyamata wovala nsapato za matayala amene mwina sadziwa kulemba dzina lake. Ndinachita ulemu, ndinachita mantha, ndipo ndinakwiya, zonse nthawi imodzi.

Marjan anabwezeretsa chilichonse m'malo mwake. Ngakhale wochipanga sakanadziwa kuti chinatsekulidwapo. Anadina poyatsira, mkati munayaka, koma munali chifunga chokhachokha. Ndinaika dzanja langa patsogolo, chifunga. Ketulo, chifunga. Anachilozetsa pamoto wa pachipala penipeni, chifunga. Masiku otsalawo anachimasula n'kuchimanga kosawerengeka, osadya, osameta, akuyankhula nacho ngati munthu wodwala. Sichinamuyankhe.

Lachisanu anabwera awiri aja akuseka, hawaldar atanyamula thumba la malalanje. Anayamikira kachitsulo kaja, anakakweza pamfuti, anaika diso. Anachotsa, anapukuta galasi ndi malaya, anaikanso.

"Mwina ndi batire," anatero.

"Si batire," anatero Marjan. Anali ataimirira, manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu. "Ndinachitsekula."

Hawaldar anafiira maso. Munthu wa ndevu zoyera sungamumenye, choncho anavula chipewa chake n'kuchimenyetsa pansi, n'kuchiponda. "Ustad! Ndinanena kapena sindinanene? Inu a Khaista Gul, munalipo, ndinanena kapena ayi? Tinali ndi diso limodzi, limodzi lokha, inu n'kulikolowola! Ndikawauze chiyani anyamata kumtundako? Akhala akuwerenga masiku!"

"Munanena," anatero Marjan.

Ndinkayembekeza kuti Sabz Ali naye akalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Iye anangotola chipewa cha mkulu wake, n'kuchisasa fumbi, n'kumupatsa. Kenako anagwira dzanja la bambo ake n'kulipsompsona monga amachitira nthawi zonse potsanzika.

"Musadandaule, Baba. Tinkakhala opanda icho kale. Muwauze amayi kuti ndibwera sabata inayo."

Atapita, Marjan anakhala akuyang'ana dzanja lija ngati si lake.

Nkhani siigona mumsika. Pofika madzulo aliyense anali atamva, ndipo amene ankamuchitira nsanje zaka zonsezi anapeza nyama. Wina anabwera ndi tochi yakufa nati, Ustad, tamva mumadziwa za maso. Ine ndinamuthamangitsa ndi chipika, ndipo ndikanamupeza bwenzi ndili kundende. Munthu wonyoza Marjan ndine ndekha, ndinalipira ufulu umenewo ndi zaka makumi anayi za phokoso la tupa lake. Shopu yake inakhala yotseka. Mitengo yanga inaunjikana popanda zitsulo zoiveka, koma sizinali zimenezo zondisowetsa mtendere. Sabata yomweyo, pakampanda ka phiri loyandikana nalo, anatsitsako mtembo wina, mnyamata wokwatira kumene, bala limodzi pamwamba pa diso.

Tsiku lotsatira maliro amenewo, chakumasana, ndinamva mvukuto ukupuma kuseri kwa khoma. Ndinasangalala mpaka ndinagwetsa chosemera changa. Ndinalowa ndili ndi chipongwe chokonzeratu pakamwa. Pamoto panalibe chitsulo. Panali njerwa ziwiri, ndipo iye ankazitembenuza ndi mbaniro mosamala ngati akuphika mkate. Anali atavala nsapato zokwerera phiri, chofunda chake chachikulu chili paphewa.

"Wayamba umisiri womanga nyumba?"

"Ndikupita kumtunda."

"Kukatani? Maondo akowo sangakwere ngakhale pabulu."

"Ndayankhula ndi hawaldar. Anthu a m'midzi amapita kukathandiza kulondera, bwanji ine? Poyamba anakana, kenako anati ndizipita, mwina ndikawatsekulira mfuti za adani."

"Ndiye njerwazi?"

"Kumtunda kumazizira."

"Usandinamize, Marjan. Iwe umasamba madzi a m'chitsime mwezi wa chipale chofewa."

Anatulutsa njerwa imodzi, anaikulunga m'nsalu ija ankayalapo mfuti, n'kuimangirira pachifuwa ndi lamba. Inayo anaiika m'thumba. Sanandiyang'ane.

"Sabz Ali amalondera padenga yekha," anatero. "Uja wa kutsidya akayang'ana amaona munthu mmodzi, alibe choganiza. Tsopano aziona awiri."

"Ndiye aphe awiri."

"Amawombera kamodzi n'kuthawa. Anandiuza hawaldar. Kamodzi. Ndiye asankhe."

Apo ndinakumbukira ketulo ija imene inkawala kuposa tonsefe, ndipo ndinamvetsa. Ndinakhala pathumba la makala. Ndinafuna kumutukwana, ndinafuna kumugwira miyendo, ndinafuna kumuuza kuti ndi misala, kuti wowomberayo sasankha chonchi, kuti njerwa imazizira kusanache. Zonsezo ankazidziwa kale kuposa ine.

"Mwanayo akudziwa?"

"Akudziwa kuti bambo ake ndi nkhalamba yomva chisanu. Ukamuuza zina ndikuthyola zala."

Anakwera tsiku limenelo, ndipo akukwerabe. Nyengo yozizira yatha, ina yayamba. Dzuwa likapendeka mvukuto umayamba kupemerera moto, kenako ndimamuona akudutsa pakhomo panga, chifuwa chili tutumu, ndodo m'manja, osapereka moni kwa aliyense. Mumsika anasiya kumuseka. Ena amaimirira akamadutsa, ngakhale sadziwa chimene chili m'chofundamo. M'mawa ndimafika pashopu kusanayere bwino, chinthu chimene sindinachitepo moyo wanga wonse, n'kukhala choyang'ana njira yotsika kuphiri mpaka nditaona kadontho kakutsimphina.

Dzulo ndinamufunsa ngati njerwa imodzi siikwana, poti ziwiri zikumupweteka msana. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Mwanayo ndi wamagazi otentha, Khaista Gul, anatengera amayi ake," anatero, akumanga lamba. "Ine ndakalamba, ndayamba kuzizira. Ndi imodzi sindingamupose kuwala."